Kolera ikadzabweranso, ife ampingo tidzatani pa maliro?

Nabanda wa mvano
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yandikhala pamtima ndipo Loweruka likubwerali tikumana ndi akulu ampingo kwathu, nde ndati ndimve kaye maganizo anu poti pano tilipo a mipingo yosiyanasiyana. Mvula yayandikira ndipo tonse tikukumbuka za 2022 mpaka 2023. Ineyo alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anatisiya mu Januwale 2023 ndi kolera. Anayamba kutsegula m'mimba cha m'ma 11 usiku, pofika m'mawa maso anali atalowa mkati, khungu ukalitsina limangokhala chomwecho osabwerera, tinawakweza pa kabaza wina atawagwira kumbuyo mpaka ku tenti ya odwala kolera koma dzuwa lisanalowe anali atapita. Chomwe chimandiwawa mpaka lero si imfayo yokha ayi. Thupi anabwera nalo a zaumoyo atalikulunga mu pulasitiki, molunjika kumanda, anawaza klorini, adzukulu anakwirira basi. Munthu amene anakhala mtumiki pa mpingo zaka zoposa 20, amene amasesa tchalitchi ndi kukonza mabenchi, panalibe nyimbo, panalibe pemphero, abusa sanabwere, amvano anzanga anabwera atatu okha nawonso anaima patali pansi pa mtengo wa mango manja ali m'chitenje. Achemwali angawo mpaka pano ku tchalitchi sapita, amati mpingo unanditaya tsiku lomwe ndimaufunitsitsa. Nde funso langa nali, mliri ukadzabweranso ife ampingo tidzachite bwanji kuti anthu asatengere matenda komanso wamasiye asadzaone ngati tamuthawa?

Nangozo
Pepani kwambiri amayi, ndawerenga misozi ili m'maso. Achemwali anuwo Mulungu awatonthoze

Mlangizi wa zaumoyo
Pepani amayi Nabanda. Ine ndine mmodzi wa omwe timavala magolovesi ndi magambutsi kunyamula matupi amenewo nthawi imeneyo ndiye ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Ife sitinaletsepo pemphero olo nyimbo, zomwe timaletsa ndi kusambitsa thupi, kuligoneka m'nyumba usiku wonse, kulikhudza polira, ndi kuphika chakudya cha gulu. Chifukwa chake nchakuti kolera siuluka mu mpweya ngati covid, tizilombo take timakhala mu chimbudzi ndi masanzi a wodwala, ndipo munthu olo atamwalira madzi aja amatulukabe. Nde amayi omwe asambitsa thupi aja ndi omwewonso amapita kukatunga madzi, kukaomola nsima, kugawa ndiwo, mawa lake mudzi wonse ku tenti. Koma abusa kuima pamanda ndi Baibulo lawo kuwerenga mawu, kwaya kuimba itaima cha apo, palibe vuto ngakhale pang'ono. Ine ndinaikapo maliro ena pomwe mkulu wa mpingo anabwera yekha ndi buku la nyimbo, anaimba yekha ndime ziwiri ife tikudikira ndi fosholo, ndipo palibe chinamuchitikira. Vuto linali mantha, komanso ifeyo sitinakhale pansi ndi atsogoleri a mipingo kuwauza kuti apa mutha kufika, apa musafike

aPhiri mkulu wa mpingo
Alangizi mwanena zoona ndipo ine ndivomere pano poyera kuti nafenso kwathu tinalakwa chimodzimodzi. Tinasakaniza matenda awiri m'mutu. Taganizani, kuyambira Malichi 2020 pomwe boma linalengeza za ngozi yogwera dziko chifukwa cha covid nkuletsa kusonkhana anthu opitirira 100, tinakhala zaka ziwiri tikuphunzitsa anthu kuti talikiranani, musapatsane moni wa pamanja, valani masiki, mapemphero tinawagawa katatu, 6 koloko, 8 koloko ndi 10 koloko, mabenchi tikuwalemba ndi choko poti apa khalani apa ayi. Kenako Januwale 2021 pomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi covid tsiku limodzi pa 12, mantha anatigwira tonse, nambala ya ololedwa kusonkhana inatsika kufika 50. Nde kolera itafika ife mu sesoni tinangoti abale mliri wina uwu, aliyense akhale kwake. Sitinafunse kuti kodi iyiyi imayenda bwanji. Pa mpingo pathu tinataya akhristu anayi ndipo awiri tinawaika popanda mkulu wa mpingo ndi mmodzi yemwe, ine ndinali pakhomo panga ndikumva kulira kukudutsa mumsewu. Zimandivutabe mumtima

Yami
Makolo anga ndilankhuleko ngati mwana. Ine ndimapemphera ku pentekosite ndipo chomwe chinandikhumudwitsa nthawi ya covid nchakuti mipingo inagonja msanga kwambiri. Misika inali yodzadza, minibasi zikuyenda, kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni 2020 anthu anali masauzande pa bwalo limodzi opanda masiki, koma tchalitchi ndi chomwe chimaoneka choopsa? Nde titazolowera kutseka zitseko ndi chifukwa chake pa kolera abusa anaopa kufika ndi kumanda komwe. Salimo 91 timaiwerenga ya chani ngati mliri ukabwera ndife oyamba kuthawa. Ine sindikuti anthu asapite kuchipatala ayi koma mpingo uzikhala ndi kulimba mtima kwake

Nangozo
aYami pa za kampeni paja mukunena zoona, tonse tinaona. Koma kunena kuti mipingo inangogonja ayi. Mu Ogasiti 2020 boma litanena kuti osasonkhana opitirira 10, maepiskopi athu a Katolika anadandaula poyera kuti sanafunsidwe pomwe mipingo inali ikutsata kale njira zopewera, mipingo inanso inayankhula, mpaka boma linabweza nkuloleza 100. Ifeyo ku parishi kwathu madzi odalitsidwa apakhomo aja anachotsedwa, Ukaristia timalandirira m'manja osati pa lilime, moni wa mtendere timangoweramirana, koma misa siinafe ndipo bambo mfumu amapitabe kukadzoza odwala atavala masiki. Ndipo chomwe chinatigwira kwambiri ndi miphakati, poti mumphakati mumadziwana khomo ndi khomo, agogo akapanda kuoneka masiku awiri mumadziwa. Pa kolera mphakati wathu ndi umene unasonkha ndalama kugula ndowa ya mpopi ndi sopo zoyenda nazo pa maliro aliwonse a m'dera mwathu, olo akhale a mpingo wina olo a chisilamu timabwereketsa

Namwino wa ku mishoni
Ndangotuluka ku ntchito ndapeza mauthenga ambiri. aYami mwana wanga ndikuyankheni ndi zomwe ndinaona ndi maso. Ine ndimagwira pa chipatala cha mpingo, m'mawa uliwonse timayamba ndi pemphero tisanagwire wodwala, nde sindikutsutsa pemphero. Koma odwala kolera omwe anatifera m'manja ambiri ndi omwe anachedwa, ndipo ena anachedwera ku mapemphero. Ndikukumbuka mayi wina anabwera ndi mwana wa zaka ngati 7 atamubereka, akuti tinali ku phiri kuyambira dzulo abusa anati ndi chiwanda cha m'mimba timupatse madzi odzozedwa. Mwana uja misempha inali itabisala, tinafufuza pa mkono, pa phazi, dripi osalowa. Sindipitiriza. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa chabe chifukwa madzi amathera kunja ngati mwatsegula mpopi, chimbudzi chake chimakhala choyera ngati madzi otsukira mpunga. Koma nthenda yomweyo ndiyosavuta kuchiza, munthu akafika msanga thanzi ORS ndi dripi basi mawa lake akupempha phala. Pomwe chithandizo chikufika bwino pa odwala 100 sipayenera kufa ngakhale mmodzi wathunthu, koma ife kuno timataya pafupifupi atatu pa 100 aliwonse. Dziko lonse anadwala oposa 58,000 ndipo omwalira anapitirira 1,700, maboma onse inafika, chiyambireni Malawi sanaonepo kolera yotero. Nde kulimba mtima komwe ine ndikupempha kwa abusa ndi kwakuti munthu akabwera naye kwa inu akutsegula, mukwezeni pa njinga, muzipemphera muli pa njira

Yami
Amayi ndamva ndipo nkhani ya mwanayo yandipweteka. Abusa athu sachita zimenezo, amatumiza anthu kuchipatala, koma ndikudziwa alipo ena otero. Ine mfundo yanga inali pa kuthawa anthu basi

Namwino wa ku mishoni
Pamenepo tikugwirizana. Komanso tisaiwale kuti zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Likuni, Mua, Nguludi, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno makamaka kumidzi. Nde munthu akamati kupita kuchipatala nkuchepa chikhulupiriro ine ndimadabwa, zipatalazo anamanga ndi akhristu omwe anabweretsa Baibulolo

Mayi wa Dorika
Eetu, onjezerani Malamulo ku Thyolo, agogo anga amakamba kuti kalekale odwala khate omwe abale awo amawathawa amakalandiridwa kumeneko. Nde mpingo kuyandikira wodwala yemwe ena akumuopa si zachilendo, ndi ntchito yathu yakale. Ife a Seventh Day chomwe chinativuta ndi mwambo wosambitsana mapazi tisanadye mgonero, mabeseni ndi matawulo ochepa anthu ambiri, nde kwathu tinagwirizana kuti aliyense azibwera ndi tawulo lake ndipo madzi azithiridwa klorini. Ena achikulire anadandaula kuti mukuononga mwambo koma patapita masabata anazolowera

Nasibeko
Ndakhala ndikungowerenga, ndimaopa kulemba koma ndilembe. Ine ndinabadwira ndikukulira mu mpingo womwe sulola mankhwala, jakisoni, katemera olo panado. Sinditchula dzina chifukwa mayi anga akadali komweko. Mu 2010 kutabuka chikuku a zaumoyo akuyenda ndi katemera m'midzi, ife ana ndi adzukulu amatibisa kumunda, ena anawolokera nawo ku Mozambique. Mwana wa achimwene anga wa zaka ziwiri anatisiya chaka chimenecho, ndinamuona akupuma movutika akulu atamuzungulira akuimba usiku wonse. Chomwe ndikufuna mumve ndi chakuti anthu amenewa si oipa mtima ndipo ana awo amawakonda ngati inu nomwe. Anaphunzitsidwa kuyambira ali ana kuti ukamwa mankhwala wamukana Mulungu, ndipo ukapita kuchipatala amakudula, maliro ako sadzaimba, anzako onse akusiya. Nde mayi amasankha pakati pa mwana wake ndi moyo wosatha mmene iye akuonera, si zophweka. Mukamawanyoza pa wailesi kapena kubwera ndi apolisi amangolimbirapo nkumati tikuzunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro. Pa kolera ija mayi anga anadwala, amene anawapulumutsa ndi mayi wina wa chigwirizano woyandikana naye nyumba, anangobwera usiku ndi madzi owiritsa mu botolo atasungunulamo shuga ndi mchere nkumati amayi imwani madzi awa si mankhwala, anawamwetsa pang'onopang'ono ndi supuni mpaka kucha, m'mawa atapezako mphamvu anavomera okha kuti ndiperekezeni koma anthu asaone. Anadutsa njira ya kudimba

Nabanda wa mvano
aNasibeko zikomo polemba, mayi wa chigwirizanoyo Mulungu amudalitse. Ndaphunzirapo kanthu

Mlangizi wa zaumoyo
Zimene anachita mayiyo ndi zomwe timaphunzitsa. Ngati mulibe paketi ya thanzi, lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni aang'ono 6 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere, muzimwetsa wodwala muli pa ulendo wa kuchipatala, osati mmalo mwa chipatala. Izi amvano, a Dorika, a chigwirizano, a umanyano, amayi a chikatolika atazidziwa onse tingapulumutse anthu ambiri kuposa ife alangizi, poti ife m'dera lonse timakhala mmodzi pomwe inu muli m'nyumba iliyonse. Ndipo aNasibeko anena zoona za kunyoza, ine mipingo yokana mankhwala ndimayamba kaye kukacheza ndi mtsogoleri wawo kunyumba kwake, ena amaloleza klorini wa m'madzi olo akukana katemera, ndimayambira pomwepo

aMbewe ku Joni
Moni kumudzi. Ife kuno ku Johannesburg 2020 ija kuyambira pa 27 Malichi kunali kotseka zenizeni, asilikali mumsewu, tchalitchi osatsegula ndi pang'ono pomwe, timapemphera pa WhatsApp abusa akutumiza mavoisi. Chomwe chinatisunga aMalawi ndi mpingo womwewo, ganyu itaima timasonkherana ufa ndi ndalama ya lendi. Koma chomwe ndikufuna kunena ndi cha mauthenga abodza, pa magulu a mpingo pomwepo ndi pomwe pamadutsa zoti katemera wa covid ndi 666, ukabaya sudzabereka, ukufa pakatha zaka ziwiri. Ine ndinatumizako kwa mayi anga kumudzi osaganiza ndipo anakana kubaya chifukwa cha ine. Pano ndikaona uthenga wotero ndimafunsa kaye

aPhiri mkulu wa mpingo
aMbewe za 666 zija zinationonga kwambiri. Katemera woyamba anafika mu Malichi 2021, pulezidenti wa nthawiyo a Chakwera omwe anakhalapo mtsogoleri wa Assemblies of God zaka zambiri anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi, atsogoleri a mipingo ikuluikulu anabayitsanso anthu akuona, koma mu Meyi boma linaotcha katemera pafupifupi 20,000 atapitirira masiku ake. Nde mbiri imeneyo inadzagweranso katemera wa kolera yemwe ndi wakumwa chabe, anthu kumakana kuti ndi yemweuja wa covid angomusintha botolo. Kwathu tinapempha alangizi adzaike tebulo panja pa tchalitchi tikatuluka mapemphero, abusa anayamba kumwa ndi iwowo kenako mayi busa, mzere unafika ku mseu

Nabanda wa mvano
Chabwino abale koma ndibwezereni ku maliro chifukwa Loweruka nkhani yovuta ikhala ya chakudya. Ifeyo amvano ndi amene timaphika. Mukati osaphika pa maliro, anthu achokera kutali ena ayenda wapansi kuchokera m'mawa, adzukulu akumba manda kuyambira mbandakucha, tiwabweze ndi njala? Komanso kwathu kuno banja likapanda kuphika anthu amalinena mpaka chaka, amati anaika bambo awo ngati galu

Nangozo
Apa mpomwe pali nkhani. Ife tinayesa kuletseratu, anthu anangosamukira kuseri kwa nyumba ina nkumaphika mobisa, komwe kunalibe ndi ndowa yosambira m'manja yomwe. Bola kuphika poyera koma mosamala

Mlangizi wa zaumoyo
Tisiyanitse. Maliro a munthu amene wamwalira ndi kolera, pakhomo pamenepo pasaphikidwe chakudya cha gulu, pamenepo sindinyengerera, chifukwa chimbudzi cha pakhomopo, zofunda, mabeseni, pansi pomwe anasanzira zonse zimakhala ndi tizilombo, komanso ena a m'nyumbamo amakhala anatenga kale koma sakuonetsa zizindikiro. Adzukulu akadyere kwawo kapena muwapatse ufa ndi ndiwo zosaphika anyamule. Maliro ena wamba nthawi ya mliri ngati a zaumoyo m'dera lanu sanaletse, nsima idyedwe yotentha, ndiwo zisagone, madzi akumwa akhale othira klorini ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe, otungira akhale kapu imodzi yokhala ndi chogwirira osati aliyense kuviika yake. Ndipo chonde chonde beseni limodzi losambamo m'manja anthu 40 lija lithe, woyamba amasamba madzi, womaliza amasamba litsiro la anzake onse. Muzithirirana ndi jagi, sopo akhalepo olo phulusa. Thobwa ndi amene amandiopsa kwambiri chifukwa amaphikidwa bwinobwino koma pomusungunula amathira madzi osawiritsa a pachitsime

Mayi wa Dorika
Za beseni zo zoona, koma kumuuza mfumu kapena mkulu wa mpingo kuti asambe mothiriridwa ena amaona ngati mwawachepetsa. Ife tinapeza njira yoti mtsikana azigwada ndi jagi ndi beseni lolandirira madzi pansi, ulemu ulipo ukhondo uliponso, palibe anadandaula

Yami
Achinyamata tingathandize kumanga mipondagiya yosambira m'manja pa zimbudzi za tchalitchi, ndi timitengo, chingwe ndi kagaloni basi. Kwathu tinamanga 4 tsiku limodzi. Koma kunena zoona matchalitchi ambiri chimbudzi ndi chimodzi anthu 500, chopanda chivindikiro, pomwe paper Sunday timasonkhera matailosi ndi zokuzira mawu

aPhiri mkulu wa mpingo
Mwana iwe wandilasa pamtima koma ukunena zoona. Ndipo pa misonkhano ikuluikulu ya Pasaka kapena ya chitsitsimutso anthu amagona pa tchalitchi masiku atatu, madzi ochokera pa chitsime chosatetezedwa, zimbudzi zosakwana. Ku Deuteronomo 23 kuli lamulo lonena za malo odzithandizira kunja kwa msasa ndi kukwirira, ine zaka zonsezi sindinamvepo ulaliki wake pa guwa

Nyamazao wa ku Chipata
Ife kuno ku Zambia kolera inativuta kwambiri kumayambiriro a 2024, ku Lusaka mpaka bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Mavuto ake omwewo a maliro ndi chakudya, ndikuwerenga ngati mukukamba za kwathu

Abusa
Mtendere kwa nonse. Ndawerenga kuyambira pamwamba ndipo mayi Nabanda ndiyambe ndi kupepesa, ngakhale sindine mbusa wa mpingo wanu, chifukwa chomwe anachita mnzangayo nanenso ndinachichita kamodzi mu Disembala 2022 boma litangolengeza kuti kolera yafika poopsa. Anandiimbira foni kuti mkhristu wamwalira ku tenti akukaika pompano, ine ndinayang'ana ana anga ndinati ndidzapita zikadzazizira. Ndinapita patatha masabata awiri, mayi wamasiye anandiyalira mkeka, anandipatsa moni, koma maso ake sanandiyang'ane. Kuchokera tsiku limenelo ndinapita kwa alangizi a m'dera lathu kuwafunsa kuti ndiuzeni chenicheni chomwe ndingachite, anandiuza zomwe alangizi anena pamwambapa, ndipo maliro otsatira onse ndinapita, ngakhale aja a nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 pomwe anthu anali m'misasa m'sukulu ndi m'matchalitchi. Ndimaima kumutu kwa manda, mawu achidule, nyimbo imodzi, pemphero, ndikafika kunyumba nsapato ndimatsuka ndi klorini ndikusamba m'manja ndisanalowe. Sindinadwalepo. aYami Salimo 91 ija ndi yoona koma kumbukirani kuti ndi yomweyo imene woyesa uja anaitchula pouza Ambuye kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, ndipo Ambuye anakana kumuyesa Mulungu. Nde ine ndimaiwerenga ndili kumanda nditasamba m'manja. Mayi Nabanda Loweruka mukapemphe zinthu izi zilembedwe mu mabuku a sesoni mliri usanafike, chifukwa ukafika anthu saganiza bwino. Pakhale anthu odziwika mayina, mkulu mmodzi, amvano angapo, a kwaya angapo, omwe alangizi awaphunzitsa ndipo foni ikangolira amanyamuka. Ndipo wamasiye asamasiyidwe, siwa ikaletsedwa muzipita masana awiriawiri kukakhala naye panja sabata yonse, kumutungira madzi, kumuchapira zofunda ndi klorini mutavala magolovesi, chifukwa nthawi imeneyo ndi pomwe oyandikana nawo amamuthawa ngakhale pa mjigo

Nabanda wa mvano
Abusa mwandikumbutsa, achemwali anga pa mjigo amayi anzawo amachotsa ndowa zawo iwo akafika, mwezi wathunthu. Ana awo kusukulu amatchedwa a kolera

Namwino wa ku mishoni
Kusalana kumeneko ndi komwe kumapangitsa ena kubisa wodwala m'nyumba mpaka mochedwa. Kuonjezera apo kunali mphekesera zoti ku tenti akupha anthu dala, akuchotsa ziwalo nchifukwa chake sakuonetsa thupi, mpaka malo ena anthu anaphwanya zipatala ndi kuthamangitsa anzathu. Mkulu wa mpingo kapena wachibale mmodzi atamaloledwa kuvala zodzitetezera nkuona nkhope thumba lisanatsekedwe, nkukauza abale kuti ndamuona ndi yemweyo ali bwinobwino, mphekesera zambiri zikanafa. Kwathu tinayamba kutero mochedwa koma zinathandiza

Mlangizi wa zaumoyo
Zimenezo nzotheka, mukakambirane ndi a zaumoyo a kwanuko pasadakhale. Kampeni ya Tithetse Kolera ija inakhazikitsidwa kwa Mgona ku Lilongwe mu Febuluwale 2023 mliri utatha kale pafupifupi chaka chiyambire ku Machinga, nde ife m'midzi tisadikirenso kuti mpaka zifike pamenepo. Amayi Nabanda muwaitane alangizi a m'dera lanu Lowerukalo akhale nawo pa zokambiranazo, sakana

aPhiri mkulu wa mpingo
Ine ndili ndi funso kwa abusa. Kodi kwa omwe tinawaika kale popanda mwambo aja, palibe chomwe tingachite? Kwathu mabanja awiri aja ndikawaona ndimasowa poyang'ana

Abusa
Chilipo aPhiri. Ife tinapita khomo ndi khomo kukapepesa kaye osanyamula chifukwa chilichonse chodzitetezera, kenako tinafunsa banja ngati lingalole kuti tidzachite mapemphero okumbukira, ena anasankha pakhomo ena kumanda pomanga chiliza. Tinawerenga mbiri ya womwalirayo monga timachitira pa maliro, kwaya inaimba nyimbo zomwe amazikonda, amvano anavala yunifolomu. Banja limodzi linakana ndipo tinalemekeza, timangopitabe kukawaona. Koma musapite ndi cholinga choti abwerere ku tchalitchi, mupite chifukwa muli nawo ngongole

Nabanda wa mvano
Zikomo nonse, ndalemba zonse mu kope. Alangizi a kwathu ndawaimbira avomera kubwera Loweruka 9 koloko. Za mapemphero okumbukira alamu anga sindikaziyambitsa ku sesoni ndisanawafunse eni ake, mawa ndikupita kwa achemwali ndi ufa pang'ono ndikakhale nawo tsiku lonse, ndikaona mmene alili ndikawafunsa. Chiliza sanamangebe. aYami munditumizire ku inibokosi chithunzi cha mpondagiya wanuwo ndikawaonetse anyamata a kwaya, komanso amayi Nangozo ndowa ya mpopi ija munagula ya malita angati?

Nangozo
Ya malita 60 amayi, koma mugule ziwiri, ina ya kwa azibambo ina ya kwa azimayi, imodzi mzere umatalika anthu amatopa nkungopita kukadya osasamba